Ba Fackson ndi Mwala wa ku Maenje

Ku Kafue Estates, m'nyumba zija anamangira antchito nthawi imene machumuni a mafakitale anali kufukabe utsi, kunkakhala bambo wina dzina lake Fackson Njobvu. M'mawa uliwonse, anzawo asanasukusule, Ba Fackson amakhala ali kale panja ndi ndowa ndi kansanza, kupukuta minibasi yawo ngati akusambitsa khanda. Galimotoyo inali yoyera, yogwirapo kale ntchito ku Japani, ndipo m'nthiti mwake munali zilembo za kumeneko zimene panalibe munthu mu Kafue monse wotha kuziwerenga. Ba Fackson okha ndiwo ankati amazimva. Ukawafunsa lero, ankati palembedwa kuti "Yendani bwino." Ukawafunsa mawa, linali dzina la mwini wake woyamba.

Zinali zaka zija anthu a masuti ankabwera pa wailesi kudzatiuza kuti chuma chamasulidwa. Ife chimene tinaona chikumasulidwa ndi anthu pantchito, monga mmene umamasulira mbuzi pachingwe n'kuiuza kuti ikadye msipu pabwalo la simenti. Ba Fackson analowa m'fakitale ali mnyamata, natulukamo imvi zili mbuu. Chipukutamisozi chimene anapatsidwa, anzawo ambiri anachimwera m'mabala, ena anakwatirira mkazi wachiwiri, ena anachipereka kwa akathyali olonjeza kuti chidzaswana. Iwo anagula minibasi. Pamenepo tisawanyoze, anachita zamutu. Nshima ya pakhomopo, sukulu ya mwana wawo Joy, ngakhale ulemu woti anthu azinenabe kuti "Ba Fackson" osati "uja mudala anamuchotsa ntchito", zonsezi zinali pamwamba pa matayala anayi amenewo. Kwina kogwira kunalibe.

Koma munthu sasowa kachilema. Ba Fackson mawu akuti "sindikudziwa" ankawaima pakhosi ngati munga wa nsomba. Ku fakitale ntchito yawo inali yoyendetsa kagalimoto konyamula mabelo kuchoka pakhomo ili kukafika pakhomo ilo, koma pa siteshoni ankalankhula ngati munthu amene anakafika ku Dar es Salaam ndi chilole cha ngolo ziwiri. Makanika akati akonze chinthu, iwo ndiwo ankamuphunzitsa kakonzedwe kake, mpaka mwana wa eni n'kutaya sipanala pansi. N'chifukwa chake buleki ya pamanja inafa kalekale popanda woiukitsa, ndipo giya, ukaimika galimoto popendekeka, inkadumpha yokha ngati dzino logwedera. Pamsewu wa ku Lusaka zimenezi zinkabisika, poti poima ponse, kaya pa Shimabala kaya pa Chilanga, munthu umasankha posalala. Kunyumba ankaigoneka mphuno itatsamira mtengo wa mango.

Ba Fackson anyamata a pa siteshoni sankawakhulupirira, ankati zala zawo n'za ulimbo. Choncho ukondakitala anaupereka kwa akazi awo, Ba Emelia, amene tauni yonse inkawatcha bana Joy, ndiye kuti amake a Joy, monga amuna awo anali bashi Joy. Mayiyu anali wochepa thupi, wosachuluka mawu, wa manja olimba chifukwa chotsegula ndi kutseka chitseko cha minibasi tsiku lonse.

Tsiku lina masana pa siteshoni ya pamsika panafika Abusa Derrick. Anali mnyamata wamtali, wa suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka, amene mpingo wake unkapemphera m'kalasi yobwereka. Masiku amenewo mipingo inkamera ngati bowa, fakitale ikatseka khomo limodzi, matchalitchi atatu atsegula. Koma uyu, kunena chilungamo, ankakhulupirira zimene ankalalikira, ndipo bana Joy ankapemphera kwa iye.

"Ba madalaivala, muli shani?" anatero Abusawo. "Nifuna motoka ya ku Maenje pa Loweruka. Tili na chitsitsimutso. Ndani adziwa njira?"

Maenje ndi kamudzi ka kuseri kwa mapiri, ukapatuka pamsewu wa ku Chirundu, kumene azungu anakumbako mkuwa kalekale, nachoka, nasiya mabowo ndi zidzukulu za anthu amene ankawakumbira. Madalaivala atamva dzinalo anayamba kuyang'ana zala zakumapazi. Wina anati kalachi ya galimoto yake ikudwala. Wina anakumbukira kuti Loweruka ali ndi maliro, ngakhale wakufayo anali asanamusankhe.

"Maenje?" anatero Ba Fackson, akudzuka pabenchi. "Uko niyendako ngakhale nili m'tulo, ba Pasita. Konzani chabe anthu anu."

Abusa atachoka, bana Joy anawakoka malaya.

"Bashi Joy, ku Maenje munayendako liti?"

"Ukalibe kubadwa."

"Tinabadwa chaka chimodzi."

"Ndiye unali kugona. Itana anthu, motoka idzale."

Nkhani ya pa siteshoni sichedwa kumera miyendo. Dzuwa lisanapendeke, panatulukira Shadreck Chilufya, mnzawo wa ku fakitale komweko, amene tsopano ankatuta makala kumapiri ndi lole yakale yotsokomola. Shadreck anali Mbemba, Ba Fackson Mngoni wa ku Chipata, ndipo mitundu iwiriyi ili pachibale cha matonzo: amatchana mbuya, ndipo akakumana osanyozana ndiye kuti mmodzi wadwala.

"Iwe wakudya mbewa," anayamba Shadreck, "namva ati uyenda ku Maenje na iyi ambulansi yako. Mvera. Ukafika pa kamtsinje patsinde pa phiri, uime. Pali mkuyu, manje pansi pake..."

"Onani wakudya anyani afuna kuniphunzitsa phiri!" anafuula Ba Fackson kuti onse amve. "Kwanu ku Luapula kuli phiri? Kuli chabe madzi na udzudzu."

"Mbuya, leka nthabwala pang'ono. Ukaima paja..."

"Nikaima paja nidzakuperekera moni kwa abale ako a mumtengo."

Siteshoni yonse inaphulika ndi phwete. Shadreck anatsegulanso pakamwa, koma mawu ake anamira m'chiseko. Anapukusa mutu, nakwera lole yake.

Loweruka m'mawa minibasi inadzaza mpaka kukhosi. Munali achinyamata a kwaya, ng'oma, kiyibodi, zokuzira mawu ziwiri zazikulu ngati mabokosi a maliro, ndi jenereta. Kuti jeneretayo ilowe, Ba Fackson anatsitsa tayala la sipeya, nati msewu umenewo amaudziwa, ulibe minga. Abusa anakhala kutsogolo, bana Joy pakhomo. Anawoloka mlatho wa Kafue asodzi ali m'mabwato pakati pa namasupuni, nakhotera kumanzere pamphambano, nayenda pa tala mpaka pamene mwana wina wogulitsa masau anawalozera njira ya fumbi. Ba Fackson anati anali ataiona kale, amangofuna kuyesa mwanayo.

Tinene zoona, dziko limenelo Mulungu analipanga atakhuta. Inali nyengo imene mitengo ya mombo imaphuka masamba atsopano, mvula isanagwe, ndipo mapiri onse anali psuu, ena ofiirira ngati uchi, ena ngati chiwindi, kutaliko obiriwira motuwa ngati utsi. Msewu unkazungulira m'chiuno mwa phiri ngati mkanda, ukakhota apa chigwa chatseguka pansi, ukakhota apo chatsekeka. Mwa apo ndi apo munali zotsalira za azungu aja: nyumba zopanda madenga maluwa ofiira atakwera m'mawindo, njanji yothera m'malere, chithanki cha dzimbiri mtengo utamera m'mimba mwake. Ana a m'tauni aja anasiya kuimba, nakanikiza mphuno pa magalasi. Ba Fackson anali kulongosola chilichonse. Nyumba iyi inali ya bwana wamkulu, ankamudziwa. Chithanki icho chinaphulika iwo akuona.

Dzuwa litakwera anatsikira pa kamtsinje ka madzi oyera. Kutsidya kwake phiri lenileni linaima njo, msewu ukukwera mokhotakhota mpaka kusowa. Patsidya lino panali mkuyu waukulu, ndipo pansi pake panali mulu wa miyala yamumtsinje, yobulungira, yakuda bii, yonyezimira ngati yadzozedwa mafuta. M'nthambi zam'munsi munali nsanza zofiira zomangidwa, zikuuluzika ndi mphepo. Chapafupi panaima lole ya makala, ndipo munthu wina anali atagwada bondo limodzi, akutsitsa mwala pamuluwo mosamala ndi manja onse awiri.

"Ba Fackson," ananong'ona Abusa, "ivi ni vichani?"

Apa ndiye panali pakhomo potulukira. Akanangoti "tiyeni tifunse", nkhani ino sikanakhalapo. Koma munthu amene wadziwa bwana wa mgodi ndi tsiku lophulika thanki angalephere bwanji kudziwa mulu wa miyala? Ba Fackson anakhosomola, natsitsa mawu.

"Apa ni pa mizimu, ba Pasita. Ya aja anafera mumgodi. Aliyense wopita apa agwada, apereka mwala, kuti imulole kukwera."

"Yesu! Na imwe munagwadapo?"

"Ine? Sinigwadira miyala ine."

Mawuwo anayenda m'minibasi ngati moto wa lupsa. Mtsikana wina wotsogolera nyimbo, dzina lake Sharon, anayambitsa pemphero la nkhondo, anzake nalandira. Ndipo munthu wogwada uja atadzuka n'kucheuka, anali Shadreck. Ataona minibasi yoyera anakweza dzanja, nawerama, nanyamula mwala wina waukulu, naukumbatira pamimba, nayamba kubwera nawo chopepesuka, akufuula zinazake.

"Abwera nao! Tsekani mawindo!" anakuwa Sharon.

Mawindo anatsekedwa, kutentha konseko. "Moto! Moto wa Mzimu Woyera!" Abusa anasanjika chikhatho pagalasi lakutsogolo, maso ali tsinzi, akudzudzula. Shadreck pakamwa pake pankangooneka kuyasama ngati nsomba ya m'botolo.

"Bashi Joy," anatero bana Joy, atawerama pakhutu pa amuna awo, "uyo ni Shadreck. Aimba kwaya ku Katolika. Za mizimu wazidziwira kuti? Imani mumve."

Ba Fackson sanali chitsiru. Ataona kukula kwa mwalawo, ndi mafuta a injini amene anaudetsa, ndi phiri lili patsogolo, mutu unawauza chimene mwalawo unali. Ngakhale mwana amadziwa kuti tayala amalitchinga ndi mwala. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo mawu si mbuzi yoti uithamangire n'kuibweza m'khola. Atsegule windo, alandire fano m'manja mwa Mbemba, pamaso pa Abusa ndi ana onsewa? Anadzitonthoza mumtima kuti phiri silingasowe mwala. Anaponda mafuta, minibasi inalowa m'madzi, nimuwaza Shadreck kuyambira kumapazi mpaka kuchipewa. Kwaya inaimba nyimbo ya chigonjetso.

Makhota oyamba anayenda bwino. Injini inkalira, koma inkakwera, ndipo kamtsinje kaja kanachepa pansi mpaka kukhala ngati ulusi wa siliva. Kenaka mitengo inatha mwadzidzidzi, ngati wina waimeta ndi lumo. Analowa m'dziko lotuwa, lopanda ngakhale chitsamba, pamene azungu ankataya dothi lochokera m'mimba mwa phiri. Kumanzere kunali khoma la thanthwe lofumbwa. Kumanja kunalibe kanthu, mpweya wokha, ndipo pansi penipeni panali dzenje la mgodi lodzaza madzi obiriwira, osagwedezeka, ngati diso la ng'ona. Msewu unapanikizika, nuimirira.

Minibasi zoterezi injini yake imakhala pansi pa mpando wakutsogolo. Woyamba kumva uthenga anali Abusa.

"Ba Fackson, pansi panga patentha."

"Ni mmene ichitira ikakondwa."

Sanamalize. Nthunzi inatuluka m'mbali mwa mpando ndi mluzu, Abusa nadumpha mpaka mutu kugunda denga. Injini inatsokomola, inatsamwa, inazima, pakhota lenileni loimirira kuposa onse. Kenaka galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo.

Ba Fackson anaponda buleki ndi mphamvu zonse za makolo awo, ndipo inaima. Anakoka ya pamanja, inabwera yopepuka ngati mchira wa khoswe wakufa. Analowetsa giya, namasula phazi pang'ono, giya inadumpha. Anapotoza kiyi, injini inangodandaula.

"Tsikani onse! Msanga! Pezani mwala!"

Anatsika mopondana. Koma Sharon anaima pakhomo.

"Mwala, ba Fackson? Si uja takana?"

"Wina! Uliwonse! Thamanga, iwe!"

Anabalalika kufuna mwala paphiri, ndipo paphiripo panalibe mwala. Pansi panali dothi losalala ngati ufa wogayitsa kawiri. Zimene ankagamula pakhoma lija zinkaoneka ngati miyala, koma akaziika kuseri kwa tayala, Ba Fackson n'kupumitsa phazi pang'ono, zinkangoti fwaa, kunyenyeka ngati buledi wa dzana. Mtengo woti athyole panalibe. Tayala la sipeya linali ku Kafue Estates, litatsamira mango. Anaika ng'oma, inaphulika. Anaika chokuzira mawu chimodzi, chinalira kotsiriza n'kuphwasuka. Anyamata ena anathamangira kumbuyo kuti agwirize ndi mapewa, koma bana Joy anawathamangitsako ndi chitenje.

"Chokaniko! Nikauze chani amai anu? Tsitsani katundu, muime kutali."

Atatero anazungulira kukaima pawindo la amuna awo.

"Bashi Joy, mverani. Malo akalipo. Pindani chiwongolero, muileke ibwerere pang'onopang'ono, matako agunde khoma. Idzaima."

"Niphwanye malaiti? Udziwa kumene achokera aja malaiti? Ku Japani!"

"Malaiti tidzagula. Motoka sitidzagula."

"Phazi langa likwanitsa. Nagwirapo chonchi kambiri."

"Kuti?"

"Usanisokoneze, mkazi iwe, nili pa nchito."

Abusa Derrick anafika nawonso pawindopo, thukuta lili kamukamu, tayi itapotoka.

"Ba Fackson, niuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Ija miyala pansi paja, ni ya mizimu?"

Ba Fackson anayang'ana kutsogolo. Mtsempha wa pakhosi unali utatupa.

"Ina ni ya mizimu," anayankha. "Ina ni ya matayala."

Abusawo anavula jekete, naipatsa Sharon, nayamba kuthamanga chotsika phiri ndi nsapato zosongoka zija.

Anamupeza Shadreck akadali pamtsinje, malaya atayanika pa lole. Zimene analongosola zinali zoti aliyense woyenda njira imeneyo amazidziwa ngati dzina lake. Kuyambira nthawi ya malole a mgodi, wokwera amatenga mwala wolimba pamkuyu, chifukwa kumtunda kulibe, ndipo pafupifupi galimoto iliyonse imawira pakhota lomwe lija. Wotsika amaubweza pamulu kuti mnzake adzaupeze. Nsanza zofiira n'zopachika pakhota galimoto ikakufera panjira, kuti wochokera kumwamba akuone msanga. Lole yodzaza makala sikanatha kutembenuka n'kukwera mwachangu, choncho awiriwo anasenza mwala aliyense, nayamba ulendo wa miyendo.

Kumtunda kuja dzuwa linali litaima pamutu. Buleki ya galimoto yozima ndi youma ngati chitsa, imafuna mwendo wonse, ndipo mwendo wa Ba Fackson unali wa munthu wa imvi. Unayamba kunjenjemera kubondo, kenaka ntchafu yonse. Anasinthira wamanzere mochenjera, galimoto inabwerera chikhatho chimodzi. Atabwezera wamanja, chikhatho china. Choipa kuposa apo, chopondera chija chinali kumira pang'onopang'ono pansi pa phazi, monga mmene mwendo umamirira m'matope a kudambo. Kwaya, posowa chochita, inayamba nyimbo yolimbikitsa.

"Auze akhale chete," anatero Ba Fackson mano ali gwa. "Nyimbo inilowa mu mwendo."

Bana Joy anatsegula chitseko cha dalaivala, naima pa sitepe, nakanikiza bondo la amuna awo ndi manja onse awiri. Anakhala choncho, mutu pafupi ndi mutu, thukuta la wina likugwera pa mnzake.

"Bana Joy."

"Nili pano."

"Aoneka?"

Mayiyo anasuzumira kumunsi. Kutali, pakhota lachitatu, kunali timadontho tiwiri tikukwawa, kena koyera kena kakuda.

"Aoneka. Koma ali patali."

"Uja Mbemba ayenda monga apita ku ukwati wa mkazi wake wakale."

"Sungani mpweya."

Chopondera chinafika pansi. Matayala anayamba kulira pa dothi, kwii, kwii, ngati mbewa.

"Manje nipinda," anatero Ba Fackson. "Chokako, nigunde khoma."

Anagwira chiwongolero, koma nzeru imeneyi inali itapitirira nthawi yake. Zikhatho zija zimene galimoto inkaba pang'onopang'ono zinali zitadya malo onse. Tayala lakumbuyo la kumanja linali kale pamlomo pa phompho, dothi likugumuka pansi pake. Minibasi inapendekeka ngati ng'ombe yofuna kugona.

Bana Joy sanafunse chilolezo. Dzanja limodzi pakolala, lina palamba, anakoka monga amakokera chitseko chija chikakakamira. Anagwera limodzi m'fumbi, mwamuna pamwamba, mkazi pansi. Minibasi inatsetsereka mwaulemu poyamba, ngati mlendo wotsanzika chobwerera m'mbuyo. Kenaka inatukula mphuno kuloza kumwamba, nigudubuzika, fumbi loyera lili tolotolo, magalasi akuwala padzuwa. Pansi panamveka kuti phuvu. Madzi obiriwira aja anatseguka, nagwedezeka kanthawi, natsekanso.

Palibe anaimba. Palibe ngakhale anati "Yesu".

Patapita nthawi, pakhota panatulukira Abusa Derrick, nsapato imodzi itayasama, malaya oyera atada ndi mafuta, mwala uli paphewa. Pambuyo pake Shadreck, wake ali pamimba. Anaima, nayang'ana pamene panayenera kukhala galimoto, nayang'ana mikwasa ya matayala yothera m'malere. Shadreck sanaseke. Anayang'ana nkhope imodzi imodzi.

"Muli bonse?"

"Tilipo tonse," anayankha bana Joy, akukunkhumula chitenje.

Ba Fackson anali chiimire ndi mwendo umodzi, winawo ukuvina wokha, wosamva za mwini wake. Shadreck anawayandikira, nagwada bondo limodzi monga anachitira pamkuyu, natsitsa mwalawo kumbuyo kwawo.

"Khala apa, mbuya. Nausenza kuchoka kutali, usapite pachabe."

Anakhalapo. Unali mwala wabwino, sunagwedezeke.

Ku Maenje chitsitsimutso sichinachitike tsiku limenelo. Anatsika phiri wapansi, jenereta ili pamapewa a anyamata, nabwerera ku Kafue atakhala pamwamba pa matumba a makala. Analowa m'tauni dzuwa likadalipo, onse akuda bii ngati miphika, Abusa ali pakati, ndipo lole inayenera kudutsa pa siteshoni pomwe. Madalaivala aja a kalachi yodwala ndi maliro opanda mtembo anaimirira m'mbali mwa msewu. Funso lawo linali limodzi: "Simunatenge mwala?"

Za inshuwalansi musafunse. Ba Fackson anali atauza kale wogulitsa inshuwalansi kuti amadziwa mmene anthu amenewo amaberera, ndipo mwina pokhapo ndi pamene ananena zoona. M'dzenjemo palibe analowamo, akuti pansi pake sipadziwika. Pakhomo paja moto unayamba kuyaka kamodzi patsiku. Joy anakhala kunyumba chigawo chonse cha sukulu. Bana Joy anayamba kukazinga nsomba pafupi ndi mlatho, kuthamangira mabasi a eni ndi beseni pamutu. Ba Fackson ankadzukabe m'mamawa mwa chizolowezi, n'kukaima pansi pa mango, manja ali m'thumba. Amene ankawaseka pa siteshoni panalibe ndi mmodzi yemwe anabwera ndi kambale ka ufa. Anthu ndi otero: kuseka amakuthandiza, kulira umalira wekha.

Amene anabwera ndi Shadreck. Anaimika lole pamsewu, nakana mpando.

"Iwe wakudya mbewa, nifuna munthu pa lole. Anyamata aniba makala. Nchito ni imodzi chabe: nikaima paphiri, udumpha na mwala."

Ba Fackson anayang'ana akazi awo. Akazi awo anayang'ana beseni la nsomba.

"Nidzaganiza," anatero Ba Fackson.

"Ganiza uli mu lole. Tinyamuka manje."

Mpaka lero, mukadzera njira ya ku Maenje, mudzaona lole yakale ikukwawa pakhota lotuwa lija, ndipo ikangotsokomola, mudala wa imvi akudumpha pakhomo ndi mwala wakuda pamimba, kuthamangira kutayala lakumbuyo, dalaivala akumutukwana mwachibale kuchokera pawindo. Ntchitoyo amaigwira bwino, ndipo Joy anabwerera kusukulu. Koma musaganize kuti munthu amasintha khungu ngati njoka. Ndamva kuti akapeza dalaivala wachinyamata pamkuyu paja, amamukhazika pansi n'kumulongosolera bwinobwino za miyalayo, kenaka n'kumuuza kuti muluwo anauyambitsa ndi iwo.

Pakamwa pofunsira Ba Fackson anali napo, mnzawo wowauza anabwera yekha kawiri konse, kachiwiriko atanyamula yankho m'manja. Chimene chinasowa ndi kabowo koti mawu a munthu wina alowerepo. Akuluakulu sananame pamene anati Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.